Galimoto Yosanyamula Kanthu

Khoma la m'nyumba yosambiramo anthu onse ya kwa Umezawa silifika kudenga. Amuna amasamba mbali iyi, akazi mbali inayo, ndipo nthunzi ndi mabodza zimadutsa pamwamba osaodira. N'chifukwa chake mayi Setsuyo, ali pakampando akudzikhula msana, anamva mawu a amuna awo, a Numajiri, akulumpha khomalo ngati tambala wa m'mamawa.

"Ine amwene, galimoto ija ndimaimva m'manja. Wina angoika lalanje limodzi m'buti, pa kona yoyamba ndadziwa kale. Chiwongolero chimandiuza."

"Lalanje limodzi?" Awo anali a Tobe, ometa anthu, amene ntchito yawo inawaphunzitsa kuvomera chilichonse chimene mutu wokhala pampando wanena.

"Ngakhale kamtengo ka machesi. Musaiwale kuti ndakalambira pa ntchito yoyendera masikelo a m'masitolo. Manja awa anatseketsapo magolosale."

 Mayi Setsuyo anadzithira madzi kumutu kuti nkhope isaoneke. Manja amenewo ankawadziwa bwino. Dzana lomweli a Numajiri anali atanyamula ketulo yopanda madzi n'kuitereka pamoto, osazindikira mpaka inayamba kununkha.

Mayi Hoshikawa, oyandikana nawo nyumba, anali m'dziwe la madzi otentha mpaka m'khosi, maso ali tsinzi. "Oo, n'chifukwa chake eti," anatero. "Ife timati mwina kumapiri kumene amapita kuja kulibe masitolo."

 

Mumsewu mwawo aliyense akachoka kaulendo, ngakhale kongokasesa pamanda a makolo, amabwera ndi kabokosi ka khomo lililonse. Mayi Setsuyo anali atawerama pakhomo pawo kulandira nsomba zouma, tiyi, maswiti a nyemba, mapeyala okutidwa ngati makanda. A Numajiri ankadya zonsezo n'kumaperekanso ndemanga. Koma chigulireni galimoto yofiira ya mipando iwiri ndi ndalama za penshoni, iwo anali atazungulira mapiri onse a m'chigawo cha Gunma, kulengeza ulendo uliwonse usanachitike, n'kumabwerako ndi zithunzi zokha. Kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana, koma ka m'nyumba iyi kankangolowa osatuluka. Ndipo amene ankakumana ndi maso a anthu m'mawa potaya zinyalala sanali a Numajiri ayi.

Kamodzi mayi Setsuyo anayesa kuphimba manyazi. Anagula mabisiketi pa siteshoni ya sitima m'tauni momwemo n'kunena kuti achokera kumapiri. Mayi Hoshikawa anatembenuza bokosilo, kusisita pepala lokutira, n'kuti, "Taonani, anthu a kumapiri ayamba kutiwonera. Pepala lake ngati la pa siteshoni pathu pompa."

Tsopano masamba anali atayamba kufiira m'mapiri, ndipo ulendo waukulu wa chaka unali pa mapu. A Numajiri, a Tobe ndi a Ogiwara, mphunzitsi wopuma wa khutu limodzi logontha, ankakumana patebulo la pabalaza kukonza njira. Aliyense anali ndi galimoto yake yaing'ono ndi maganizo ake aakulu. Anakangana za kukwera phiri la Haruna mbali iti kuti dzuwa likhale kumbuyo. Anakangana za kogona ku Kusatsu, ndi za tsiku lowoloka msewu wa pamwamba pa mapiri chipale chofewa chisanautseke. A Numajiri ankayendetsa chala m'misewu yokhotakhota ya pamapupo, milomo ikulira ngati injini, posintha giya n'kugwedeza phewa.

Mayi Setsuyo anaika tiyi pambali pa mapu. "Bambo, poti mudutsa ku Kusatsu, timabanzi tija ta nyemba ngakhale mabokosi angapo. Anthu atipatsa kokwana."

"Mayi, ija si lole." A Numajiri anayang'ana anzawo kuti aone kuleza mtima kwawo. "Galimoto ngati ija anaiyeza kulemera kwake, kutsogolo ndi kumbuyo. Buti ija ndinaitsegula kamodzi kokha, tsiku lochotsa tayala lapadera. Ine ndikamakwera phiri ndimasiya ndi makobili omwe panyumba."

"Kamodzi kokha," anatero mayi Setsuyo, akutolera makapu.

M'mawa mwake, a Numajiri atapita kukameta tsitsi lawo lochepalo, mayi Setsuyo anagogoda kwa mayi Hoshikawa. Kuseri kwa khitchini ya mayi Setsuyo kunali mwala wopsinjira kabichi wamchere mumgolo, umene apongozi awo anawasiyira pomwalira. Unali wosalala, wobulungira, wolemera ngati mwana wa sukulu ya mkaka wokana kuyenda. Amayi awiriwo anaukulunga m'bulangete n'kuunyamula, wina uku wina uku, mpaka m'galaja. M'buti, dzenje la tayala lapadera linaulandira ngati analikumbira mwalawo. Anautsekera ndi mapilo akale kuti usagubuduke.

"Msana wangawu muuwonjezere pa zimene mundibwezere," anatero mayi Hoshikawa, akupuma mwawefuwefu.

"Akatulukira pa kona yoyamba, ndidzabwera kudzapepesa ndi mabisiketi a pa siteshoni."

Loweruka a Numajiri anavala magolovesi awo achikopa n'kukwera phiri la Haruna kukayesa njira. Mayi Setsuyo tsiku lonselo sanakhazikike. Bwanji ngati manja aja anali oona? Akanatha bwanji kufotokoza za mwala wa malemu m'galimoto? Anasesa pakhonde kawiri, khutu lili kumsewu.

Madzulo galimoto inalowa, anzawo aja anabwera kudzamaliza za mapu, ndipo a Numajiri anakhala pansi nkhope ikuwala.

"Amwene, lero ndiye lero. Inali ngati nthenga! Kumbuyo kumamata msewu ngati nalimata pakhoma. Mukudziwa chinsinsi chake? Ndinachotsa kakapeti ka pansi kaja. Kangachepe bwanji, manja awa anamva kusiyana."

Mayi Setsuyo anathira tiyi osadontheza. "Nenaninso bambo, a Ogiwara sanamve."

A Numajiri anatembenukira ku khutu labwino la a Ogiwara n'kubwereza mokweza, moti ngakhale mayi Hoshikawa, amene anali kuthirira maluwa ouma pafupi ndi zenera, anamva.

Tsiku la ulendo linacha bwino. Magalimoto atatu anandanda pamsewu, madenga atatsitsa, madalaivala atavala zipewa ndi magalasi akuda. Anthu a mumsewumo anatuluka kudzatsanzika, pakuti mayi Setsuyo anali atauza khomo lililonse. A Numajiri anaona khamulo n'kuganiza kuti mbiri yawo yafika pomwe imayenera kufika. Analiza injini kawiri popanda chifukwa.

"Bambo, musananyamuke," anatero mayi Setsuyo mwaulemu wonse, manja ali pa epuloni, "tanditsegulirani kumbuyoko. Kabichi wafika nthawi yake. Ndikufuna mwala wa amayi."

"Mwala wa amayi ukatani m'galimoto mwanga?"

"Wakhalamo kuyambira sabata yatha. Unapita nawo ku Haruna. Amayi ankalikonda phiri lija."

Kutsegula buti pamaso pa anthu kunali kovuta, koma kukana kunali kovutirapo. A Numajiri anatsika, kuvula golovesi limodzi, n'kutsegula. Mwala uja unali phee pakati pa mapilo, ngati mlendo amene walipira kale.

A Tobe anasuzumira. "Kamtengo ka machesi kaja ndi kameneka?"

"Ati chiyani?" anafunsa a Ogiwara.

"Ati nthenga!" anakuwa mayi Hoshikawa.

Palibe anaseka mokweza, pakuti mumsewu umenewu anthu ndi aulemu. Amayi anangophimba pakamwa, abambo n'kumayang'ana mawaya a magetsi, mapewa akugwedezeka. Khosi la a Numajiri linafiira kufanana ndi galimoto. Koma munthu amene wakalambira m'boma sasowa chonena.

"Ndinkadziwa," anatero, akukonza chipewa. "Ndinausiya dala. Galimoto zoterezi zimafuna kulemera pang'ono kumbuyo kuti matayala agwire. Ndi nkhani ya akatswiri, simungaimve."

"Ndiye mwandiopsa," anatero mayi Setsuyo. "Mwalawu ndikuutenga, kabichi sadikira. Nanga mukatsike mapiri onse aja kumbuyo kulibe kanthu? Ine umasiye sindikuufuna. Pokwera muziyenda pang'onopang'ono, mukafika ku Kusatsu mukadzaze m'butimo zolemera ngati mwalawu. Poyeza simuvutika, manja muli nawo."

 A Numajiri anayang'ana a Tobe, koma a Tobe anali kupukuta galasi loyera kale. Anyamata awiri a pa shopu ya njinga anatulutsa mwalawo akubuula, galimoto n'kudzuka kumbuyo aliyense akuona.

A Numajiri anabwerako Lachiwiri masana. Mayi Setsuyo anamva injini ikulira modzichepetsa pa kona ya msewu, ndipo pomwe ankatuluka, makomo ena anali atatseguka kale. Denga la galimoto linali lotsitsa ngakhale kunkazizira, chifukwa silikanatsekeka. Pampando wachiwiri panakhala thumba la kabichi wa ku Tsumagoi, atalimanga lamba ngati munthu, pamwamba pake bokosi la maapozi. M'buti munali mabokosi a timabanzi ta nyemba, okutidwa pepala limene pa siteshoni silipezeka.

"Ndikuthandizeni kugawa, bambo?"

"Gawani, ine ndatopa."

"Ayi, msana wanga unapita ndi mwala uja. Ine ndingoima pambali n'kumakukumbutsani mayina."

Choncho a Numajiri, atavula chipewa ndi magalasi, anaima pafupi ndi galimoto yawo n'kuyamba kuwerama. Khomo lililonse linalandira bokosi, kabichi ndi maapozi, ndipo kwa aliyense ananena mawu amene akazi awo anali atawamva kwa ena zaka zonsezi, akuti n'kanthu kachabechabe, mwina sikakoma n'komwe. Mayi Setsuyo anaima kumbuyo kwawo, mutu uli chilili, akungoti, "A Tajima, aja a nsomba zouma. Agogo a Kanai, aja a mapeyala. Weramani pang'ono, mapeyala anali aakulu."

Omaliza anali mayi Hoshikawa. Analandira bokosi lawo ndi manja awiri, kulitembenuza, kusisita pepala, n'kugwedeza mutu movomereza. A Numajiri anawasanjikiza kabichi wamkulu kuposa onse.

"Mayo, kulemera kwake!" anatero mayi Hoshikawa. "Nanga galimoto inayenda bwanji ndi katundu yenseyu?"

A Numajiri anayang'ana anthu, anayang'ana akazi awo, kenako anayang'ana manja awo.

"Sindinamve kanthu," anatero.