Ukonde Wosagwira Kanthu

Che Masudi anachitembenuza kachitatu chinthucho, nasuzumira pakati pake. Chinali ngati chipande chachikulu chopanda pansi, chopepuka, m'mbali monse muli timabowo.

"Mwati ndiluke pati?" anafunsa.

"Pakatipo," anayankha Rabeca, mayi wophika ku mishoni ya ku Insaca, yemwe anapalasa njinga m'mawa wonse kudzafika kunyanja ya Chiuta. "Dzina lake ndi rakete. Chingwe chake ndi ichi, ndipo akuti china palibe."

Mwini chinthucho anali Alexandre, mlongo wake wa Irima Filomena, sisitere wa ku Brazil. Ntchito yake inali kusewera tenisi m'mipikisano ing'onoing'ono, lero dziko ili, mawa lina. Anapatuka kudzaona mlongo wakeyo, koma chikwama cha marakete ena chinasowa pa basi, ndipo atangofika malungo anamugwetsa. Rakete yotsalayo inali itaduka chingwe, iye n'kuchotsamo zonse. Irima anafuna kuti wodwalayo akadzuka aipeze yolukaluka, ndipo aliyense anamuuza kuti woluka ndi Che Masudi basi.

"Munthu wandevu, ntchito yake kusewera?" anadabwa Masudi. "Chabwino. Nanga chimagwira chiyani?"

Rabeca anakhala zaka zisanu ndi ziwiri ku Malawi pothawa nkhondo, ndipo chibwerereni panalibe chinthu pansi pano chimene sanachionepo.

"Mpira," anatero mosakayika. "Ndinaziona ku Malawi ine. Atsikana a ntchemberembaye amaponya mpira pa mkombero wonga womwewu, mpira n'kulowa mu ukonde. Kungoti ichi n'cham'manja."

Apo Masudi mtima unakhala pansi. Analuka maukonde zaka makumi atatu, ndipo nthawi ya nkhondo ankawasoka ndi ulusi wosolola m'matayala akutha. Maukonde onse amene anawadziwa ntchito yawo inali imodzi.

Chingwecho chinali chamwano. Chinkakana mfundo, ukamanga chimasuka chokha. Masudi anachiviika m'madzi ofunda, nachidula zidutswazidutswa, n'kuyamba kuluka maso ang'onoang'ono, otsika pansi ngati thumba. Anatha masiku awiri.

"Ndiye akaugwira mpirawo amaudya?" anafunsa mkazi wake Mastura akutembenuza nsomba pathandala.

"Za eni ake sindidziwa. Ine changa n'chakuti chikalowa chisatuluke."

Tsiku lachitatu anamanga rakete panjinga pamodzi ndi dengu la matemba amene Mastura anayanika mwezi wathunthu. Matembawo anali okasinthitsa ndi mpukutu wa nayiloni. Chithereni nkhondo mbedza zawo za milamba zinali m'chitini, kudikira chingwe. Anayambira kumsika, nasinthadi, mpukutu n'kuuika m'thumba la malaya. Kenako analunjika ku mishoni akuyenda ngati mkwati.

Anapeza Alexandre ali pakhonde, wowonda, tsitsi lalitali, nsapato zong'ambika kuzala. Masudi ankayembekeza munthu wonenepa wa wotchi yagolide, moti anayamba wayang'ana ngati m'nyumbamo mutuluka wina. Atapereka moni anavundukula nsalu ndi manja awiri.

Alexandre anaiyang'ana rakete nthawi yaitali. Analowetsa dzanja m'thumbamo mpaka pachigongono. Anayamba kuseka, koma kusekako kunatha moipa, chifukwa anakhala pansi n'kubisa nkhope m'manja. Masudi anasokonezeka. Sanadziwe ngati ku Brazil amathokoza chotero.

"Auzeni ayese," Masudi anapempha Irima Filomena, yemwe Chinyanja ankachimva bwino ndithu.

Irima anangotenga kampira kachikasu kaubweya, nakaponya m'thumba muja. Kanakhala phee.

"Mwaona?" anatero Masudi. "Kameneko sikatulukanso."

Alexandre anadzuka, natulutsa kampirako, nakamenya ndi chikhatho kulunjika kukhoma la nkhokwe. Kanabwerera. Anakamenyanso, kanabwereranso. Anayankhula Chipwitikizi chothamanga chimene Masudi sanatolepo kanthu.

"Akuti ukondewo suyenera kugwira," anamasulira Irima. "Uyenera kukhala wokungika gwa, kuti mpira ukafika ubwerere kumene wachokera."

"Ubwerere?"

"Inde. Mnzake ali tsidya linalo naye amaubweza. Wolephera kubweza ndiye wagonja."

"Ndiye onse awiri saufuna?"

"Onse awiri saufuna."

Masudi anatembenuka kufuna Rabeca, koma mayi uja anali atakumbukira mwadzidzidzi kuti nyemba zikupserera kukhitchini.

"Kandimverere anakanena za m'maluwa," anadandaula Masudi. "Koma nanenso ndine chitsiru. Ndinaluka chinthu chimene sindinachionepo chikugwira ntchito."

Anafunsa ngati angamasule n'kuyambiranso, ngakhale yankho ankalidziwa. Chingwe anachidula yekha ndi mpeni wake.

Irima anamufotokozera modekha. Kunatsala masiku khumi kuti mpikisano wa ku Harare uyambe. Zingwe kumeneko zikapezeka, koma mkono umene malungo aufooketsa sungagulidwe. Unkafunika kumenya mpira tsiku ndi tsiku kuyambira lero. Alexandre anali atayenda zaka khumi ndi chimodzi, kugona m'mabasi ndi m'nyumba za anthu achifundo. Anali atalumbira kuti akapanda kupambana ngakhale kamodzi ku Harare, abwerera kwawo kukagulitsa matayala m'sitolo ya amalume ake.

"Pa osewera onse a dziko lapansi, iye ndi wa nambala ya mazana asanu ndi limodzi ndi makumi anayi," anawonjezera Irima, ndipo m'mawu ake munali kunyada.

Apa ndiye Masudi mutu unaima. Pa mzere wa chimanga cha thandizo, munthu wa nambala imeneyo amangotola thumba lake n'kumapita. Uyu anali ataima pamzerewo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mlongo wake ankanyadira. Sanamvetse ngakhale pang'ono. Chimene anamvetsa n'chakuti munthu anamupatsa chida chake chotsiriza, iye n'kuchiononga. Manyazi anamugwira.

Anapisa m'thumba la malaya, natulutsa mpukutu uja.

Alexandre anaigwira nayiloniyo, naikoka, nailuma, kenako anatukula mapewa. Anakhala pansi awiriwo, bondo ndi bondo. Mlendo ankaloza bowo, Masudi n'kulowetsa. Ankakulunga chingwe pakamtengo, n'kukoka ataponda rakete ndi phazi, kenako n'kukhomera kamsomali kansungwi m'bowomo kuti chisabwerere. Zopingasa ankazipititsa pamwamba, pansi, pamwamba, pansi, ngati mphasa, popanda mfundo ndi imodzi yomwe. Zala zake zinkafuna kumanga zokha, moti kawiri konse Alexandre anachita kumugwira dzanja.

"Akuti kokaninso," ankatero Irima nthawi iliyonse mlongo wake akaliza chingwe ndi chala.

"Chiduka."

"Akuti kokaninso."

Chinadukadi ali pafupi kumaliza. Anayambiranso pachiyambi.

Dzuwa litapendeka Alexandre anaima kutsogolo kwa khoma. Mpira unachoka pa rakete ndi liwu louma, nubwerera, nuchokanso. Sanaleke, ndipo nkhope yake inasintha ngati ya munthu amene wamva kuti abale ake ali moyo. Masudi anayang'ana kwa kanthawi.

"Akupambana?" anafunsa.

"Ayi. Akungokonzekera."

Masudi anagwedeza mutu. Mpukutu unali utatsala wochepa, ndipo anauika m'manja mwa Irima.

"Nayiloni ya nsomba siinazolowere kumenyedwa. Iduka mawa kapena mkuja. Kalukidwe kake akudziwa yekha."

Irima anafuna kumupatsa kenakake, koma iye anakana. Munthu salandira mphoto pokonza chimene waononga yekha.

Njira yonse yobwerera ankayeseza mawu okauza mkazi wake, koma nkhaniyo inalibe poigwira. Akayambira ku Brazil inkatalika, akayambira kwa Rabeca inkamveka ngati akuthawa mlandu. Anafika asanapeze poyambira. Mastura anali pakhomo, chitini cha mbedza chili pamiyendo, akuzipukuta dzimbiri imodziimodzi. Anayang'ana dengu lopanda kanthu, namwetulira.

"Chingwe chili kuti?"

"Chatsala ku Insaca."

"Chikugwira chiyani ku Insaca kopanda nyanja?"

"Sichikugwira kanthu," anayankha Masudi akutsamiritsa njinga. "Chinthu chikabwera, chimachibweza."

Mastura anadzuka, namugwira pachipumi kuti amve ngati malungo a mlendo uja amulowa. Thupi linali lozizira bwinobwino. Anamuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali, kenako anatseka chitini chija n'kukachibwezera kudenga.