Mfuti ya Bambo ndi Njere za Chitsulo

Chaka chimene boma linaletsa kuwombera abakha ndi atsekwe ndi zipolopolo za mtovu, achimwene anga a Dudley anali wapampando wa kalabu ya alenje kuno ku Gueydan. Kalabuyo inali ya anthu khumi ndi anayi, agalu asanu ndi awiri ndi nyumba imodzi yodontha m'mphepete mwa minda ya mpunga, koma udindowo ankausenza ngati awapatsa chigawo chonse cha Louisiana. Ine ndinali mng'ono wawo chabe, Nolan Trahan, wa sitolo ya misomali, penti ndi zipolopolo.

Bambo athu anasiya mfuti imodzi yokha yoti munthu n'kuikamba. Inali ya mipope iwiri, yakalekale, yopepuka, chogwirira chake chitasalala ndi manja awo. Amene ankaipukuta Lamlungu lililonse kuyambira ali mwana ndinali ine. Amene anailandira anali a Dudley, chifukwa ananditsogolera kubadwa ndi miyezi makumi awiri. Kwathu zimatero. Mfuti imapita kwa mwana wamwamuna woyamba, ndipo tsekwe woyamba wa nyengo iliyonse amayenera kugwa ndi mfuti imeneyo, ena onse asanawombere.

Kutatsala masiku atatu kuti nyengo yosaka iyambe, a Dudley analowa m'sitolo atavala chipewa cha kalabu. Ovey Meaux, mlimi wa mpunga amene amamwa khofi wanga m'mawa uliwonse osagula kanthu, anali pampando wake.

"Ti-Nolan, tanditsitsira mabokosi awiri a zipolopolo zachitsulozo. Za njere zikuluzikulu kuposa zonse."

Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, dazi lili mbee, koma kwa iwo ndinali ndidakali Ti-Nolan, kamwana.

"Za mfuti iti, achimwene?"

"Ndili ndi mfuti zingati za atsekwe?"

Ndinawafotokozera monga ndinkafotokozera aliyense mwezi umenewo. Mtovu ndi wofewa, ukafika pothina umafinyika n'kudutsa. Chitsulo sichifinyika. Mfuti ya bambo mipope yake ndi yopyapyala, ndipo kukamwa kwake anakuthinitsa dala kuti njere zizipita pamodzi kutali. Njere zikuluzikulu za chitsulo zikathithikana pamenepo, chogonja ndi mpopewo.

"Njira zilipo," ndinatero. "Kaisiyeni kwa mmisiri ku Abbeville akuze kukamwako pang'ono. Apo ayi gulani yatsopano ya atsekwe, iyi ipume."

"Ndipereke mfuti ya bambo kwa munthu akaiboole ngati mpope wa kubafa? Wamva, Ovey? Wogulitsa misomali akundiphunzitsa mfuti."

"Ine ndikumwa khofi," anatero Ovey.

A Dudley anapitiriza: "Mfuti imeneyi inagona m'matope masiku atatu nthawi ya namondwe, bambo n'kuitsuka, mawa lake n'kuphera abakha asanu ndi atatu. Lero iope tinjere? Ndakudziwa iwe. Ukufuna ndiipachike pakhoma, ndiye pakapita chaka ubwere chipewa chili m'manja, uziti achimwene, poti simukuigwiritsa ntchito."

Zinandiwawa, chifukwa theka lake linali loona.

Kuseri ndinali ndi mabokosi a mtovu, amene lamulo linkalolabe pa njiwa ndi agologolo. Alenje ena chaka chimenecho ankabisa zipolopolo ziwiri zitatu m'jombo. Koma a Dudley njira imeneyo anali atadzitsekera okha. Pamsonkhano wa kalabu analankhula mphindi makumi anayi za kumvera lamulo, mpaka anaitana woyang'anira nyama wa boma kuti adzadye nafe gumbo, msuzi wa kwathu wodyera mpunga, tsiku loyamba. Munthuyo amayenda ndi maginito m'thumba. Chipolopolo chikakana kumata, ndiye kuti ndi mtovu, ndipo mlandu wayamba.

"Ukunditsitsira kapena ndikagule ku Kaplan?"

Ndinawatsitsira.

Loweruka kukucha tinali m'dzenje lobisalamo pakati pa munda wa Ovey, ine, Ovey, a Dudley ndi galu wawo. Mpunga anali atakolola kale, m'munda muli madzi ofika m'akakolo. Ntchito yanga inali yoitana atsekwe ndi choitanira, kachitoliro kotsanzira kulira kwawo. Imeneyo bambo anandisiyira ine, mwina chifukwa siigawika pamaliro.

Gulu loyamba linatulukira chakumpoto, atsekwe a mawangamawanga pamimba, okwana khumi. Ndinawaitana, anatembenuka, anazungulira kawiri n'kutsitsa miyendo. Ine ndi Ovey mfuti zathu zinali pamaondo, monga mwa mwambo. A Dudley anaimirira mwaulemerero, n'kuwombera kawiri. Atsekwe onse khumi anapitirira ulendo wawo ali bwinobwino.

"Wawaitana mokuwa kwambiri," anatero akutsegula mfuti kuti aikemo zipolopolo zina.

Apo m'pamene ndinachiona. Pafupi ndi kukamwa kwa mpope wakumanzere panali patatupa pang'ono, mozungulira ngati mphete.

"Achimwene, tayang'anani kumpopeko."

"Iwe yang'ana kumwamba. Ndicho tinakutengera."

Ndinayang'ana kumwamba. Dzanja langa linali pafupi ndi mfutiyo kotero kuti ndikanatha kuigwira osadzuka n'komwe. Ndinaika chala pakamwa pa choitanira, n'kuitana gulu lachiwiri. Ndipo ndinene zoona, sindinaitanepo bwino chotero moyo wanga wonse.

Mpope wakumanja unalira monga mwa masiku onse. Wakumanzere unalira ngati munthu wamenya chitini ndi nyundo. Utsi utachoka, kukamwa kwake kunali kutang'ambika ngati bango louma, ndipo kachitsulo kolumikiza mipope iwiriyo kanali katatukuka. Palibe anavulala. Tsekwe mmodzi anagwa ndithu, galu n'kukamutenga, n'kudzamuika pamapazi a mbuye wake akugwedeza mchira, poti iye sankadziwa kanthu za mifuti.

A Dudley anaitembenuza mfutiyo uku ndi uku, nkhope itafanana ndi ya bambo kuposa tsiku lina lililonse. Pa kanthawi kameneko ndinawamvera chisoni, ndipo ndinayesa kuti anena mawu oti tonse awiri tigawane.

"Komabe wagwa," anatero.

Masana ku nyumba ya kalabu, mlamu wanga Verna atagawa gumbo, a wapampando anaimirira kugogoda galasi ndi supuni. Anaika mfutiyo patebulo, pakati pa mbale za mpunga. Anati tsekwe woyamba wagwa monga mwa mwambo wa banja la Trahan, ngakhale pamtengo wowawa. Anati iwo asankha kutaya chuma cha makolo kusiyana ndi kuphwanya lamulo. Kenaka anati zingakhale bwino anthu ogulitsa zinthu m'tauni muno atamadziwa zimene akugulitsa.

Woyang'anira nyama uja anatulutsa maginito ake, n'kuyesa chipolopolo chimodzi cha m'thumba mwawo. Chinamata. Anawagwira chanza, n'kunena kuti akanakhalapo alenje khumi otere, ntchito yake ikanapepuka. Anthu anawomba m'manja. Ovey ankafufuza kanthu m'mbale yake mosamala kwambiri.

Mfutiyo inapitabe ku Abbeville. Mmisiri anadula mipope yonse iwiri, kuchotsa utali wa chikhatho, ndipo tsopano imamwaza njere moti tsekwe angaime patsogolo pake n'kumapesa nthenga. Verna anaiimika kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, amaphera njoka za m'dimba. A Dudley anagula yatsopano ku Lafayette, yoyenera chitsulo, ya mtundu womwe uja ndinali nazo zitatu pashelefu. Amauza anthu kuti anaisankha atafufuza mozama.

Lolemba lake Ovey anabwera nthawi yake, n'kukhala pampando wake.

"Usadandaule nazo," anatero. "Unawachenjeza. Ndinamva ndi makutu angawa."

"Kawiri," ndinatero. "Muno ndi kumunda."

"Eya, kawiri." Anapemerera khofi wake. "Paja mkulu wa ku Kaplan uja anabwera ndi mfuti yonga yomweyi sabata yatha, unamukaniza kangati? Ndinawerenga kasanu. Mpaka unamulanda bokosi m'manja, n'kumuperekeza pakhomo akutukwana."

Panalowa mayi wofuna penti yoyera ya mpanda, ndipo ndinatenga nthawi yaitali ndithu kumufotokozera kusiyana kwa mitundu iwiri imene ndinali nayo.