Galimoto ya Katemera Inkaima pa Bwinja

Zikhale ankathirira maluwa m'mphepete mwa khonde pamene anamva bwana wake akutchula dzina la mudzi wakwawo. Mayi Chikaonda anali ndi alendo tsikulo, amayi anayi a mu Area 10 momwemo, onse akazi a mabwana amene anali atangosamuka ku Zomba limodzi ndi likulu. Amayiwa anali ndi kabungwe kawo. Ankaphika makeke ndi kusoka nsalu za patebulo n'kumagulitsa, kuti apeze mafuta a galimoto ya katemera imene inkazungulira m'midzi kamodzi pa mwezi.

"Kwa Nasoni tichotseko," anatero Mayi Chikaonda. "Galimoto yapitako katatu konse, osapeza ngakhale mwana mmodzi. Anthu amtundu wanji okana chithandizo? Mafutawo tikukhetsera thukuta ndife."

Zikhale anaiwala zothirira, madzi n'kuyamba kumutayikira kumapazi. Chifukwa chake ankachidziwa bwino lomwe. Mudzi wa Nasoni unali utasamutsidwa chilimwe chapitacho kuti pamangidwe maofesi. Anthu anakwezedwa m'malole n'kukatsitsidwa kutali, kunjira ya ku Dowa. Koma pa pepala la dalaivala mudzi unali ukadali pamalo akale. Ndiye galimoto inkafika pa bwinja n'kuima pansi pa mitengo ya mango, dalaivala n'kumaliza hutala mpaka kutopa, kuitana anthu amene kunalibe.

Inu mukuti akanangonena kuti, "Mayi, mudziwo unasamuka." Ee, mawu atatu basi! Koma masiku amenewo, kutchula za kusamutsidwa kunkamveka ngati kudandaula za likulu latsopano, ndipo wodandaula ntchito sinkamukhalira. Ofesi ya amuna a Mayi Chikaonda inali pamunda penipeni pamene Zikhale ankalima mtedza. Komanso wa m'maluwa angalowerere bwanji nkhani ya mabwana asanamufunse? Anatseka mpopi n'kupita kukasesa kuseri.

Lamulungu lake anapalasa njinga kupita kumudzi watsopanowo. Anapeza chikuku chitalowa. Mkazi wake Enifa, amene anali ndi pakati potopa, anamulandira pakhomo nkhope ili yakugwa.

"Bambo a Efelo, mwezi uno wokha taika ana atatu. Galimoto ija inkabwera kudzabaya ana kumudzi wakale ili kuti? Inu muli m'tauni, simunamveko?"

Efelo, mwana wawo mmodzi yekhayo, anali atangoyamba kuyenda. Ankagwira sipoko za njinga n'kumaseka yekha. Chipatala chinali mtunda wa tsiku lathunthu, ndipo Enifa sakanaukwanitsa ndi mimbayo.

"Ibwera," anayankha Zikhale, maso ali pansi.

Anabwerera ku ntchito nkhaniyo ili pakhosi. M'mawa uliwonse ankati lero ndinena, koma akaona Mayi Chikaonda pakhonde, miyendo inkamutengera ku kapinga. Mantha ndi oipa, abale. Munthu wamkulu ndithu, ndevu pepeya, kumazungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira!

Tsiku limene analimba mtima, anagwada pakhomo la khitchini, chipewa chili m'manja, n'kufotokoza zonse. Ankadikira kuti auzidwe kuti alongedze katundu.

"Aa! Zikhale!" Mayi Chikaonda anagwira pakamwa. "Iwe unali pomwepa tikukambirana zija, bwanji osanena? Ndani akanakudya?"

Sanali munthu woipa mayiyu. Anaimba lamya nthawi yomweyo, nalemba papepala njira imene Zikhale anafotokoza. Koma mafuta a mwezi umenewo anali atatha. Anati adikire agulitse makeke Loweruka, galimoto idzanyamuka Lachinayi lotsatira.

Lolemba kunabwera uthenga woti Efelo watentha thupi, maso afiira. Zikhale anapempha chilolezo n'kuthamangira kumudzi. Anapeza mwana atatuluka nsungu thupi lonse, akupuma mobanika. Lachitatu masana anatsirizika ali m'manja mwa mayi ake.

Lachinayi, anthu atasonkhana pa maliro, kunamveka hutala. Galimoto ija inatulukira fumbi lili koboo, itaponda masamba amene anaikidwa pamsewu posonyeza kuti pali zovuta. Dalaivala wake, Bauleni, ankayesa ndi zitsamba za olambula njira. Namwino Anastazia anatsika akumwetulira, ataona chikhamu cha amayi obereka ana.

"Koma lero ndiye mwabwera, amayi! Tizitere!"

Kenaka anamva kulira m'nyumba, ndipo nkhope yake inasintha. Amuna ena anadzuka atakwiya. Anastazia anapepesa, nati abwerera, adzabweranso mwezi wamawa.

"Musapite," anatero Zikhale akudzuka pamphasa. "Mwezi wamawa mudzapeza ena atatsatira. Amayi, bwerani nawo anawo."

Akuluakulu anang'ung'udza kuti zoterezi sizichitika maliro ali m'nyumba, koma amayi sanadikire chilolezo cha munthu. Anandanda kuseri kwa galimoto, ana n'kuyamba kulira mmodzimmodzi.

Enifa anatuluka m'nyumba atagwiridwa ndi amayi awiri, maso atatupa. Analunjika kwa dalaivala.

"Munali kuti masiku onsewa, bambo?"

"Pepani mayi, ife tinkapita kumudzi wakale," anatero Bauleni uku akuloza Zikhale, osadziwa kuti akuyankhula ndi yani. "Tithokoze bambo awa. Mayi Chikaonda atiuza kuti bambowa anamva kalekale kuti tikusochera, koma ankaopa kunena. Mwayi kuti mapeto ake ananena."

Enifa anatembenuka pang'onopang'ono. Zikhale anafuna kuyang'ana kumbali, koma khosi linakana.

"Bambo a Efelo, munakhala nazo nthawi yaitali bwanji?"

"Milungu itatu."

Enifa anagwedeza mutu ngati wamva zanzeru. Anachotsa manja a amayi aja pamapewa ake, nalowa yekha m'nyumba kukakhala pafupi ndi mwana wake.