Mahedifoni a Madamu m'Thumba la a Telala

Vuto la m'nyumba ya a Telala linali mawu a mwamuna amene ankatuluka mu foni ya akazi awo Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu lililonse, nthawi ya 4 koloko madzulo.

Akazi awowo, amene msewu wonse unkawatchula kuti Madamu poti ankaphunzitsa kupulayimale, anali atayamba maphunziro a digiri pa intaneti. A Telala anavomera okha, ndipo ankauza kasitomala aliyense kuti nzeruyo inachokera kwa iwo. Chimene sankadziwa n'chakuti yunivesite imabwera ndi mphunzitsi wa mawu a besi, woti akanena kuti, "Mwayankha bwino kwambiri, mayi," Madamu ankamwetulira foni. A Telala anafufuza m'zaka khumi ndi zisanu za banja lawo, osapeza tsiku limene Madamu anawamwetulira iwo chifukwa cha mawu chabe.

"Kodi m'kalasi ya a Lekichara anuwo muli inu nokha?" anafunsa tsiku lina.

"Tilipo makumi asanu ndi limodzi, bambo."

"Nanga enawo sayankha bwino?"

Madamu anangovala mahedifoni m'makutu. Apa m'pamene a Telala anaona kuti mdani weniweni ndi timahedifonito, pakuti tsopano mawu a besi aja ankalowa m'makutu mwa akazi awo popanda mboni. Mawa lake timahedifoni tinasowa. Madamu anagwedeza mapilo, anasesa pansi pa bedi, ndipo a Telala anathandiza nawo kufunafuna mwakhama, timahedifonito tili phee m'thumba la jekete lawo pamodzi ndi choko cholembera nsalu.

Sanalekere pomwepo. Anachotsa makina osokera pakhonde, pamene anakhala zaka zonse, n'kuwalowetsa pabalaza. Anati kunja kwachuluka fumbi. Kuyambira pamenepo kalasi ikayamba, makina nawo ankayamba. A Lekichara akangoti "mayi," makina ankaima kuti mwini wake amve bwino.

Lachitatu lina ophunzira ankayeserera kufotokoza kafukufuku wawo pamaso pa kalasi, kukonzekera mayeso a Lachisanu. Itafika nthawi ya Madamu, anayatsa kamera ndi maikolofoni n'kutsamiritsa foni pa botolo la shuga. A Telala sankadziwa kuti foni imene imatulutsa mawu imathanso kuwatenga. Kwa iwo inali ngati wailesi: iyo imayankhula, iwe n'kumaitukwana mmene ungafunire. Choncho anadutsa kumbuyo kwa akazi awo atavala vesiti yobooka pamimba, tepi yoyezera ili m'khosi, n'kunena mokweza:

"Ameneyo akakhala mwamuna abwere adzanene 'mwayankha bwino' ali pakhomo pano! Munthu wake mwina alibe ngakhale suti imodzi yosokedwa bwino."

Mu foni munamveka kuseka kwa anthu ambiri nthawi imodzi. Mawu a besi aja anadikira kuti phokoso lithe.

"Bambo a vesiti, takumvani tonse, ndipo takuonani. Mayi, tilekere pomwepa. Kwa milungu itatu tsopano mukamayankhula timangomva makina. Lachisanu zikadzakhala chonchi sindidzatha kukupatsani malikisi, ndipo phunziro ili mudzabwereza chaka chamawa."

Madamu anazimitsa foni. Sanakuwe, sanalire. Anangotsitsa chikwama pamwamba pa kabati.

"Mawa ndikaweruka ndipita kwa achemwali. Ndikabwera maphunziro akatha."

"Mayeso a Lachisanuwa?"

"Digiri yonse. Zatsala zaka ziwiri."

M'mawa mwake a Telala anakhala pa makina osawapalasa. Kunabwera a Nesi a nyumba yoyandikana nayo, atanyamula yunifolomu yong'ambika m'khwapa. Iwowa anamaliza digiri yawo pa intaneti chaka chathachi, ndipo khoma la pakati pa nyumba ziwirizi silinkasunga chinsinsi.

"Achimwene, ndamva kuti dzulo munaphunzitsa ku yunivesite."

"Mlongo, musandiseke. Mwamuna ayenera kudziwa amene akuyankhula ndi mkazi wake."

"Mwamudziwa tsopano? Iye ndiye wakudziwani, mpaka mchombo." A Nesi anakhala pa mpando wa makasitomala. "Tandiuzani, Madamu akanakhala kuti amakwera basi kupita kukalasi, mukanawatsatira ndi makinawa pamutu?"

"Ayi, kumeneko ndi kusukulu."

"Ndiye 4 koloko ikakwana, ngodya imene akhalayo ndi sukulu. Thupi lili pano koma munthuyo kulibe. Simumutuma madzi, simumufunsa kumene kuli lumo. Ine ana anga ndinawalembera maola a kalasi pachitseko. Ngakhale apongozi anga ankadikira panja."

A Telala anakanda m'mutu. "Koma mahedifoni aja ndiye ayi. Munthu azimva yekha zinthu?"

"Amavala kuti amve bwino, ndiponso kuti phokoso lanu lisalowe. Inu mukufuna kumva zimene amakambirana? Maphunziro onse amajambulidwa. Madamu akhoza kuwatsitsa mu foni nthawi imene netiweki ili bwino, n'kumawamvetsera mobwereza. Mukhale nawo pansi mumvere limodzi, muone ngati mungapirire mphindi khumi."

A Nesi anawauzanso zina zimene iwo anaphunzira movutikira. Foni izikhala yotchaja kale kalasi isanayambe, osadikira kuti magetsi athime kaye. Munthu ayende nayo m'nyumba monse mpaka apeze pamene netiweki imagwira, pamenepo ndiye pakhale pake. Azilowa m'kalasi mphindi khumi nthawi isanakwane kuti ayese mawu ndi kamera, ndipo maikolofoni azitsegula pokhapokha akamayankhula.

"Ndipo pakakhala vuto, wophunzira azilembera aphunzitsi msanga, kapena ofesi yothandiza ophunzira. Osangokhala chete milungu itatu chifukwa cha manyazi. Madamu akanandifunsa ine, kapena anzawo a pagulu la kalasi, bwenzi makinawa atabwerera pakhonde kalekale." Anaimirira n'kuloza jekete limene linali pa msomali. "Chingwe chikulendewera m'thumbamo si ulusi, achimwene."

Atachoka a Nesi, a Telala anakokera makina pakhonde okha, fumbi lija ataliiwala. Anazungulira m'nyumba foni yawo ili m'mwamba ngati akufuna mvula, mpaka anapeza kuti netiweki imadzaza pa ngodya ya pawindo la kuchipinda. Anaikapo tebulo lodulirapo nsalu. Anatenga nsalu yabuluu imene ankasungira suti yawo ya pa zikondwerero, naisoka katani yotchinga ngodyayo. Pachitseko analemba ndi choko chawo masiku ndi maola a kalasi. Mahedifoni anawaika pakati pa tebulo.

Madamu atabwera kudzatenga chikwama anaima pakhomo la chipinda, maso ali pa mahedifoni aja.

"Mwawapeza kuti?"

"Anali... m'jekete."

"Analowamo okha?"

"Ndinawaika ndine, mayi. Pepani. Ndinkaona ngati mukamaliza digiriyi muziona telala ngati chigamba."

"Telala ndinamuona ndisanakwatiwe naye," anatero Madamu. "Chimene sindinachionepo ndi vesiti ija pamaso pa anthu makumi asanu ndi limodzi. Muitaye."

Chikwama chinabwerera pamwamba pa kabati. Madzulo omwewo Madamu analembera a Lekichara kupepesa ndi kuwatsimikizira kuti malo ophunzirira apezeka. Kenaka anatsegula phunziro lojambulidwa kuti amvere limodzi. Linali la njira zoyesera ana ngati amva zimene aphunzira. A Telala anaona nkhope ya mdani wawo koyamba, anazindikira kuti kolala ya malaya ake inali yokhota, mtima wawo unakhala pansi, ndipo pa mphindi yachisanu ndi chiwiri anali akuwodzera.

Lachisanu foni inadzaza moto nthawi ya nkhomaliro. Kutatsala mphindi khumi kuti 4 koloko ikwane, Madamu analowa kuseri kwa katani. A Telala anakhala pakhonde, makina atawafunditsa nsalu, akusokerera mabatani pamanja, ntchito yopanda phokoso imene anaisungira ola limeneli. Kasitomala wina anabwera akufuula za thalauza lake.

"Tsitsani mawu, bwana," ananong'ona a Telala. "Muno muli yunivesite."

Patatha theka la ola katani inatseguka. Madamu anali akumwetulira, ndipo ulendo uno foni inali pa tebulo.

"Ndakhoza. Akuti ndayankha bwino kwambiri."

A Telala anaika singano pansi. "Ananena zoona," anatero.

Pofika Loweruka msewu wonse unali utamva kuti a Telala akhoza mayeso a ku yunivesite, mothandizidwa pang'ono ndi akazi awo.

Wophunzira wa pa intaneti ali pasukulu ngakhale akhale m'nyumba. Mupatseni malo abata pamene netiweki imagwira, lemekezani maola ake, ndipo ngati china chikukukayikitsani, mufunseni m'malo momusokoneza. Nanunso ophunzira, konzekerani nthawi isanakwane, ndipo vuto likabuka nenani msanga kwa aphunzitsi, anzanu ndi apabanja panu. Digiri imalembedwa dzina la munthu mmodzi, koma imafuna nyumba yonse.