Akazi Awiri, Fungo Limodzi

Amuna anga a Pandu amadziwika m'dera lonse la Ng'ambo kuti sakondera pa mitala. Akagula nsalu, amagula ziwiri zofanana. Akagula chivwende, amachidula okha pakati n'kuyeza mbali zonse m'manja asanatumize ina kwa Zuwena, mkazi mnzanga wamng'ono. Zonsezi ndinkapirira. Koma atalowerera za mafuta onunkhira, ndinadziwa kuti tafika poipa.

Ine ndimakazinga nsomba kumsika wa Darajani. Munthu wa ntchito yotere safuna kafungo konyengerera, amafuna fungo lolimbana ndi nsomba mpaka kuzigonjetsa. Langa ndi udi umene ndimagula kwa mayi wina, Bi Kidawa, tizidutswa ta mtengo tonyika m'mafuta a maluwa, timene ndimaika pa makala n'kufukiza zovala. Zaka makumi awiri ndakhala ndikununkhira chomwecho. Ndikadutsa m'kanjira, amayi ali m'nyumba amati, "Mwatima uyo," osasuzumira n'komwe.

Kutatsala masiku awiri kuti chikondwerero cha Idi chikwane, a Pandu anabwera ndi kabotolo kapinki.

"Mayi a Faki, aka n'kanu. Zuwena ndam'patsa kofanana. Kuyambira lero fungo la banja lino ndi limodzi."

Ndinanunkhiza. "Bambo, awa ndi mafuta kapena maswiti? Ndikadzola, nyerere zindinyamula."

"Achokera ku Dubai."

"Abwerere komweko."

"Udi uja muutsekere m'bokosi. Mkanjo wanga ukachoka kuno umanunkhira inuyo masiku atatu, pomwe fungo la Zuwena limatha ndisanafike pamzikiti. Mwana uja akudandaula. Chilungamo chimenecho?"

Ndinatsekera udi m'bokosi. Koma ndinkadziwa chinthu chimene mwini wake sankachidziwa. A Pandu maso anafooka kalekale. Magalasi ali nawo, koma amakhala m'thumba, ati amawakalambitsa. Zaka zonsezi akhala akutisiyanitsa ndi mphuno.

Tsiku la Idi tinakadya kwa apongozi, Bi Mwanaisha, ku Kikwajuni. Tonse awiri tinadzola mafuta a kabotolo kapinki n'kuvala buibui, chovala chakuda chofunda thupi lonse, wofanana, wogula a Pandu omwe, nkhope titaphimba kusiya maso chifukwa pabwalo panali alendo aamuna. Msinkhu ndife ofanana. M'chiuno ayi, koma buibui saulula zinsinsi.

Ndikupita kukatenga madzi osamba m'manja, ndinamva munthu akunditsatira m'kakhonde, akununkhizanunkhiza. Anandikoka dzanja.

"Zuwena, kamtima kanga, landira," a Pandu ananong'ona, akundifumbatitsa kabokosi. "Ubise, chimphona chija chisaone. Iye zagolide sizimukhala, makutu ake anazolowera utsi."

Ndinaweramitsa mutu mwamanyazi, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Anandisisita pamsana n'kubwerera kwa alendo, akuyenda ngati mnyamata.

M'kabokosimo munali ndolo ziwiri zagolide. Ndinaitanira Zuwena kukhitchini.

"Mng'ono wanga, taona zimene amuna ako andipatsa. Ati ndibise chimphona chisaone."

Anayang'ana ndolo, anayang'ana ine, kenako anakhala pansi pambali pa mphika wa mpunga wa pilau, akuseka mpaka misozi.

"Ndiye kuti n'zanga, achemwali?"

"Zinali zako. Koma banja lino ndi la chilungamo. Bweretsa khutu." Ndinam'veka imodzi, ina ndinavala ine. "Iwe unadandauladi za udi wanga?"

"Ndinangoti andipezere mafuta okhalitsa. Sindinati akulandeni anu. Komanso awa sakukukhalani, achemwali. Zili ngati ng'ombe yavala chipewa cha khanda."

"Samala, ndolo ndikhoza kuzulanso."

Tinalowa m'chipinda cha amayi titavundukula mitu, pa nthawi imene a Pandu anabwera kudzalonjera mayi awo. Tinakhala moyandikana, aliyense atalozetsa khutu lake poyera. Apongozi ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, koma golide amamuona ali patali.

"Mwatima, ndolo inayo wataya?"

"Ayi amayi, ndi mwana wanu. Sakondera. Anagula ndolo ziwiri, akazi tilipo awiri."

Chipinda chonse chinagwa ndi phwete. Apongozi anatembenukira kwa mwana wawo. "Pandu, chaka chamawa udzawagawira nsapato imodziimodzi?"

Apo m'pamene ndinaona a Pandu koyamba akutulutsa magalasi pagulu. Anavala, anayang'ana khutu langa, anayang'ana la Zuwena, anavulanso.

Pobwerera, m'kanjira, anandiyandikira mosamala.

"Mayi a Faki, tikambirane."

"Chimphona chikumva."

"Ndigula ndolo zina, aliyense akhale ndi ziwiri."

"Zimenezo n'zosachita kukambirana. Ine ndikufunsa za udi wanga."

Titafika pa ngodya, anaima. "Fukizani," anatero. "Fukizani kwambiri."

Madzulo omwewo ndinakoleza makala, n'kuima pamwamba pa utsi ndi buibui wanga mpaka aneba anatsegula mawindo. Kabotolo kapinki ndinatumiza kwa Zuwena. Iye kamamukhala, ndi mwana wa shuga kale.

Masiku ano a Pandu amayamba kuyetsemula ali pachipata. Sadandaula. Akudziwa kuti kuyetsemulako n'kumene kumawauza amene akulankhula naye.