Maina Asanu ndi Awiri a Kayitesi

Achimwene anga a Gatete amakonda kutuma ena kumene iwo akuopa. Mwana wawo Shyaka atapeza mbeta ku Rwamagana, anandiitana n'kunena kuti, "Mlongo, tisanakafunsire, kafufuze bambo a mtsikanayu. Anabadwa mu Januwale 1995, werenga wekha miyezi. Ngati ali magazi a achiwembu aja, ukwati palibe."

Ndinawerengadi ndili m'basi, ndipo miyeziyo inandifikitsa pa Epulo wa 1994, pamene Atutsi ankaphedwa. Mtima unandiwawa, chifukwa mtsikanayo, Kayitesi, ndinali nditamukonda kale.

Amake, a Kankindi, ndinawapeza Lachinayi kuseri kwa tchalitchi, kumene amayi opulumuka pa chiwembu chija amakumana kuluka timadengu. Analipo asanu ndi awiri pamphasa. Wamkulu wawo, a Nyiramana, anali ndi chipsera cha chikwanje kuchokera pakhutu mpaka pakhosi, koma lilime lawo linali lakuthwa kuposa singano.

"Alendo a nsapato zogogoda! Mwadzatijambula kapena mwadzagula?"

"Ndine azakhali a Shyaka."

"Ohoo, kazitape! Apatseni udzu aluke, asamangotitong'olera maso."

Ndinaluka zokhotakhota, iwo akufa nazo nseko. Kenako ndinalimba mtima n'kufunsa funso langa. A Kankindi anazolika, ndipo singano zonse zinaima.

"Bambo ake sitiwadziwa," anayankha a Nyiramana. "Amene anagwiririra mnzathuyu analipo ambiri, ndipo palibe anasiya dzina. Mwamva eti? Tsopano imvani zinazo. Tsiku lachisanu ndi chitatu chibadwire khandalo linakwana, loti mwa mwambo wathu ana a m'mudzi adzadye m'lichero limodzi, aliyense n'kutcha khandalo dzina. Koma ana ake ati? Phiri lonse lino linalibe mwana. Mnzathuyu anali atatembenukira kukhoma, khandalo osafuna n'kuliona komwe. Ndiye tinati basi, anawo ndife."

"Ntchembere zathunthu, kulimbirana nyemba pansi!" anatero a Mukarugwiza, mayi wonenepa wa kumapeto. "Uyu anandilanda nthochi, mpaka lero sanabweze."

"Bodza iwe, unali utameza kale ziwiri!" anayankha mnzawo wa pambali pawo.

Anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. A Nyiramana anati aliyense ananyamula khandalo n'kulipatsa dzina la mwana wake amene anaphedwa. Ndisanafunse, anayamba kutchula mozungulira mphasa.

"Uwera."

"Mukeshimana."

"Rugamba. Anali wamwamuna, koma ndinalibe wina."

Anapitiriza mpaka anafika pa a Kankindi, amene analankhula akuyang'ana dengu lawo. "Nditamva maina aja ndinatembenuka. Ndinati, ana onsewa ndiwagoneke ndi njala? Ndinamuyamwitsa, n'kumutcha Kayitesi, dzina la mwana wanga woyamba." Apa anandigwira dzanja. "Mayi, mwanayu amamukonda Shyaka. Musamulange chifukwa cha zimene zinandigwera ine."

Ine sindilira pagulu, koma tsiku limenelo ndinalira mpaka a Nyiramana anandilanda udzu kuti ndikuwunyowetsa. Ndinachita manyazi ndi ulendo wanga wonse.

Kunyumba ndinapeza achimwene ali pakhonde, wailesi ili pamwendo.

"Wapeza?"

"Ndapeza. Zimene mumaopa n'zoona."

Anayamba kupukusa mutu, koma ndinazimitsa wailesiyo n'kuwafotokozera za lichero lija. Maina onse asanu ndi awiri ndinawatchula limodzilimodzi, mosafulumira.

"Amenewo ndi amene mukufuna kuwakana, achimwene. Ine musanditumenso. Mupite nokha Lachinayi, mukauze mayi aliyense pamaso kuti mwana wake sakuyenera kulowa m'nyumba mwanu."

Anayang'ana kukhola. Nawonso anaika m'manda anthu ambiri chaka chija, ndipo ndinawamvera chisoni.

"Ng'ombe yamawanga ija ndi yowonda," anatero potsiriza. "Amayi asanu ndi awiri angatiseke. Malowolo ake tikapereke yamkaka."