Zimene Cosmas Anamva Pakhonde la Chipatala

Cosmas ndi mkazi wake Feliya anachoka ku Phalombe zaka zisanu ndi zitatu zapitazo kudzakhala matenanti pa esiteti ina ya fodya ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Chaka chatha, nyengo yosoka fodya, Feliya anamva kachotupa kolimba m'bere lakumanzere. Sikankapweteka, choncho anadikira mpaka fodya yense atatsika m'chigafa. Kuchipatala cha pa Boma anamutumiza ku Lilongwe, komwe anamupeza ndi khansa. Bere analichotsa mu Juni, n'kumuuza kuti azibwera milungu itatu iliyonse kudzalandira mankhwala a m'diripi.

Tsiku lina Cosmas anaperekeza mkazi wake pa Boma kukaonetsa bala. Ali chikhalire pakhonde, anamva namwino wina, mayi Maureen, akuphunzitsa amayi amene anali pamzere. Ankanena kuti m'masamba, m'zipatso, mu soya, anyezi ndi tiyi muli tinthu totchedwa mafulavonoidi, ndipo akatswiri ena akuona ngati timathandiza kuchepetsa chiopsezo cha khansa ya m'mawere.

Cosmas anakumbukira chaka chimene Feliya anadzala soya ndi nkhwani kumapeto kwa mizere ya fodya. Kapitawo atakalipa, Cosmas anazula zonse ndi manja ake, mkazi wake akuona. Kuyambira pamenepo ndiwo zawo zinali matemba ouma ndi mchere, miyezi ndi miyezi.

Sanauze munthu. Anangoyamba kubwera ndi soya, magwafa, mandimu ndi bonongwe wothyola m'mphepete mwa dambo. M'mawa phala la soya, masana phala la soya. Feliya, amene mankhwala ankamusanzitsa, ankangolawa n'kukankha mbale.

"Idyani, amayi a Tithokoze, mankhwala enieni ndi amenewa," ankatero Cosmas.

Tsiku lopita ku Lilongwe kachitatu litayandikira, Cosmas ananena zimene zinali kumtima kwake.

"Musapitenso. Taonani tsitsi latha, thupi latha. Anamwino aja ananena okha kuti chakudya n'chimene chimathana ndi matendawa."

Feliya anamuyang'ana. "Ananena choncho? Tiyeni tikawafunse limodzi. Akabwereza mawu amenewo ine ndikumva, sindipita."

Mawa lake anakwera kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi. Mayi Maureen anawalowetsa m'kachipinda ka sikelo n'kumvetsera Cosmas mpaka atamaliza. Kenako namwinoyo anagwira pakamwa.

"Bambo, pepani ngati sindinafotokoze bwino. Ine ndimanena za munthu amene sanadwale, kuti zakudya zimenezi mwina zingamuthandizeko pang'ono. Ngakhale akatswiriwo sanagwirizane chimodzi. Koma khansa ikalowa, soya sangaichotse. Mayiwa akasiya diripi, titaya munthu."

Cosmas anazyolika, chipewa chili m'manja. "Ndiye ndiuzeni zoona, anesi. Ndine ndinawadwalitsa? Anadzala masamba, ine n'kuzula."

"Ayi. Palibe dokotala angaloze mbale imodzi n'kunena kuti matenda anachokera umu. Zimayendera zaka, mtundu, mmene thupi la munthu limagwirira ntchito, ndi zina zimene sitikuzidziwa n'komwe."

Apa m'pamene Feliya anazindikira chimene chinkamudya mwamuna wake. Anaseka pang'ono, misozi ikulengeza.

"Bambo a Tithokoze, zonsezi ndi nkhwani uja? Mwaiwala azakhali anga a Dorika? Dimba lawo linkadyetsa mudzi wonse, masamba osasowa pakhomo, koma anapita ndi matenda a bere omwewa. Mukanandifunsa m'malo mondikhutitsa phala."

Mayi Maureen atamva za azakhaliwo anatenga cholembera. Anafunsa ngati pali wachibale wina amene anadwalapo, ndiponso zaka za Tithokoze, mwana wawo wamkazi amene anakwatiwa ku Lisasadzi. Anati abwere adzamuphunzitse kudziyeza yekha mawere. Anauzanso Cosmas kuti masamba ndi zipatsozo asasiye, koma azimupatsa Feliya pang'onopang'ono, zimene mtima wake wafuna.

Lachinayi Cosmas ananyamula chikwama n'kumuperekeza Feliya ku Lilongwe. Maulendo otsatirawo sanajombe ngakhale umodzi, ngakhale inali nyengo ya nazale ndipo anzake ankachita kumuthiririra mbande. Tithokoze anapitadi kuchipatala, ndipo anatenganso alamu ake awiri.

Mu Novembala madokotala anati sakuonanso chotupa china, koma azibwerabe kudzapimidwa. Mkono wakumanzere sunabwerere mwakale. Feliya sankatha kuukweza kupitirira phewa, ndipo anadziwa kuti kupachika fodya m'chigafa kwatha basi.

Pobwerera tsiku limenelo, atatsika basi pa depoti ya Kasungu, fungo la nyama yootcha linawapeza. Feliya anaima.

"Miyezi isanu pakamwa pakuwawa ngati ndatafuna chitsulo. Lero ndikufuna kanyenya."

Cosmas anatsegula pakamwa kuti akane, kenako anatseka. Anapita pachiwaya, n'kuuza wogulitsayo kuti asankhe yofewa ndipo tsabola achepetse. Anakhala pamthunzi wa sitolo, Feliya akudya mosafulumira, mpaka minibasi yoyamba ya ku Wimbe inawasiya.